Mbale Zakale za Galamafoni Zasanduka Cuma, Koma Malonda Ake Afuna Kudekha

M'midzi yambiri ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi muli nyumba zosunga masutikesi a citsulo amene eni ake anabwera nao pocokera ku Migodi atapuma nchito. Pansi pa mabulangete ndi zikalata zakale kawirikawiri mumapezeka mbale zakuda za galamafoni zimene zatha zaka makumi anai osalira. Owerenga athu ayenera kudziwa kuti zina mwa mbale zimenezi zikufunidwa kwambiri ku Ulaya, America ndi Japan, ndipo wacinyamata wodziwa kugwiritsa nchito lamya ya m'manja angathe kutsegula sitolo yogulitsa mbale pa intaneti ali kwao komweko. Phindu lilipo, koma minga nayonso iripo.

Cifukwa Cace Zikufunidwa

M'zaka za m'ma 1970 Mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Kenneth Kaunda, analamula kuti gawo lalikulu la nyimbo zoulutsidwa pa wailesi likhale la oimba a m'Zambia. Lamulo limeneli linadzutsa magulu ambiri oimba. Kampani ya Teal inali kudinda mbale ku Ndola, ndipo Zambia Music Parlour ya malemu Edward Khuzwayo inali kutulutsa nyimbo za anyamata athu. Ndiyo nthawi imene tinamva gulu la WITCH ndi mbale yao ya Lazy Bones, Amanaz ndi mbale ya Africa ya mu 1975, Paul Ngozi ndi Ngozi Family, ndiponso Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Maimbidwe ao ndiwo achedwa Zamrock.

Mtengo wa mkuwa utagwa, cuma ca dziko cinabvuta. Pambuyo pace kunabwera makaseti, oimba ambiri anamwalira, matepi oyamba ojambulira nyimbo anatayika, ndipo fakitale ya ku Ndola inatsekedwa. Mbale zimene zinadindidwa masiku amenewo zinali zowerengeka, ndipo zopulumuka ku dzuwa, ciswe ndi cuku n'zocepa zedi.

Kuyambira mu 2010 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kudindanso nyimbo zimenezi, ndipo mu 2017 inatulutsa Welcome to Zamrock. Mu 2019 kunatuluka kanema wofotokoza mbiri ya WITCH ndi mtsogoleri wao Emmanuel Jagari Chanda, ndipo mu 2023 gululi linatulutsa mbale yatsopano yochedwa Zango. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family n'kuciika m'nyimbo yace. Pa nthawi yomweyi anthu akunja anabwerera ku galamafoni: mu 2022 ku America kunagulidwa mbale 41 miliyoni pamene ma CD anali 33 miliyoni, cinthu cimene cinali cisanaciticenso cicokere 1987. Motero mbale yoyamba ya Zamrock yosungidwa bwino ingagulidwe ndi madola mazana angapo.

Mmene Sitolo Iyendera

Sitolo ya pa intaneti siifuna njerwa kapena malata. Msika waukulu wa mbale ndi Discogs, umene unayamba m'caka ca 2000 ku America, ndipo ena amagulitsira pa eBay, Facebook ndi Instagram. Wogulitsa amajambula mbale ndi cikuto cace mbali zonse ziwiri, amalemba dzina la woimba, nambala ya kampani yolembedwa pa cipepala ca pakati, ndi mtengo wace. Pa Discogs munthu angathe kuona mitengo imene mbale yofanana nayo inagulidwa m'mbuyomu, kotero kuti safunika kulota mtengo. Msikawo umatengako gawo lace pa mbale iriyonse yogulidwa, ndipo ici ciyenera kuwerengedwa poika mtengo.

Ubwino wa malondawa ndi woonekeratu. Wogula ali ku London kapena Tokyo amalipira ndi ndalama zakunja. Katundu saola monga tomato kapena masamba, ndipo angathe kudikira wogula caka cathunthu. Kuonjezera apo, wogulitsa amaphunzira mbiri ya dziko lace kucokera kwa akuluakulu amene anabvina nyimbozo pa unyamata wao.

Minga ya Malondawa

Bvuto loyamba ndi kusadziwa katundu. Si mbale iriyonse yakale imene iri ndi mtengo. Mbale za Jim Reeves, zimene makolo athu anazikonda kwambiri, zinadindidwa zambirimbiri pa dziko lonse, ndipo mtengo wace ndi wocepa. Mbale yodindidwanso posacedwa siilingana mtengo ndi yoyamba ya ku Ndola, ngakhale nyimbo ziri zomwezo. Wofuna kuyamba aphunzire kusiyanitsa mbale zazikulu za mainchi 12, zozungulira ka 33 pa mphindi, ndi zazing'ono za mainchi 7, zozungulira ka 45. Akulu anati safunsa anadya phula.

Bvuto laciwiri ndi kunena zoona. Wogula saigwira mbale ndi manja ace. Amakhulupirira mau a wogulitsa. Ogula a pa dziko lonse ali ndi miyeso yao: Mint ndi mbale imene siinalirepo, Near Mint ndi yonga yatsopano, Very Good ndi yokandika pang'ono koma yomveka bwino, ndipo Good ndi yotha ndithu. Mbale zambiri za kwathu zinalira m'mabala ndi pa maukwati ndi singano zobuntha, motero zimathetheka polira. Wochula mbale yotere kuti ndi yatsopano adzabweza ndalama, ndipo wogula adzalemba dandaulo limene aliyense adzaliwerenga. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Cifukwa cace wogulitsa ayenera kukhala ndi galamafoni yace ndi kumvetsera mbale yonse asanaiike pa msika.

Bvuto lacitatu ndi ulendo wa katundu. Mbale ikakhala pa dzuwa imapindika, ndipo yopindika siiongoka msanga. Iyenera kusungidwa coimirira pa malo ouma, osati kusanjikizidwa monga mbale zodyera. Poitsuka agwiritse nchito madzi oyera ndi nsalu yofewa, kupukuta motsata mizere, osanyowetsa cipepala ca pakati. Potumiza, mbale icotsedwe m'cikuto cace kuti ingacing'ambe m'njira, ndipo zonse ziwiri zimangidwe pakati pa makatoni olimba. Phukusi likhale ndi nambala yolitsatira, pakuti popanda nambalayo wogula wacinyengo anganene kuti sanalandire. Kutumiza kunja kumadya ndalama zambiri, nthawi zina kuposa mtengo wa mbale wamba, ndipo wa kumudzi ayenera kuwerengeranso ulendo wopita ku positi ya ku boma.

Bvuto lacinai ndi malipiro. Munthu ayambe wafunsa ku banki yace ngati njira ya msika umene wasankha imafikitsa ndalama kuno. Asatumize katundu cifukwa ca uthenga wa pa lamya wonena kuti ndalama zatumizidwa; ayambe waziona m'buku lace. Malonda akakula, alembetse dzina lace ku PACRA ndi kudziwitsa a misonkho a ZRA. Akumbukirenso kuti kugulitsa mbale yako n'kololedwa, koma kujambula nyimbo zace ndi kumazigulitsa ndi mlandu pa lamulo loteteza eni nyimbo.

Mau kwa Makolo ndi Acinyamata

Pali nkhani ina yofunika kuposa ndalama. Mbale iriyonse imene ikwera ndege siidzabweranso, ndipo nyimbo zina za kalindula ndi za oimba a m'maboma zingakhale kuti zatsala pa mbale imodzi yokha. Tsono inu makolo, mlendo akafika pakhomo kudzapempha mbale zanu ndi makwaca owerengeka, musafulumire. Muuzeni mdzukulu wanu ayambe wafufuza mtengo wace pa lamya. Inunso acinyamata, pogula kwa agogo perekani mtengo woyenera, pakuti wodyera nkhalamba masuku pamutu sakhala ndi kobwerera mawa. Mbale yosowa musanaitumize, banja limvetsere pamodzi, ndipo ngati muli nazo ziwiri, imodzi itsale pakhomo.

Wofuna kulemera mwezi umodzi malondawa adzamukhumudwitsa. Koma woyamba ndi mbale khumi, wolemba zoona ndi womanga katundu wace mosamala adzapeza ogula obwerabe caka ndi caka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.