Chimene Chaoneka ku Vumba, Kodi Chidzaonekanso ku Save?

Munthu wonyamuka mu mzinda wa Mutare m'mamawa angathe kuona nyengo ziwiri tsiku lomwelo. Akakwera mapiri a Vumba apeza nkhungu ndi nthaka yachinyontho, pakuti kumeneko kumagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka. Akatsetserekera kumwera, kudzera ku Nyanyadzi mpaka ku Birchenough Bridge pa mtsinje wa Save, apeza milambe ndi dothi lotentha, kumene mvula kawirikawiri siikwana ndi theka lomwe la imeneyo. Madera onsewa ali m'chigawo chimodzi cha Manicaland. Tsono mlangizi aliyense wa kuno amakumana ndi funso ili: mbeu imene yachita bwino kumtunda, kodi ndingailimbikitse kwa mlimi wa kuchigwa?

Funsoli ndi lakale. Mu 1919 katswiri wa masamu R. A. Fisher anayamba ntchito pa malo a kafukufuku a Rothamsted ku England, ndipo anakhazikitsa mfundo ziwiri zimene timatsata mpaka lero: mbeu iliyonse yoyesedwa idzalidwe m'ndime zingapo, ndipo malo a ndimezo asankhidwe mwa maere. Tikapanda kutero, mbeu imene yagwera pachulu idzaoneka yopambana pamene chopambana ndi chulucho. Pologalamu ya kompyuta ya Genstat, imene ambiri a ife tinaphunzirapo kusanthula zokolola, inachokeranso ku Rothamsted komweko.

Chilala cha 1991/92 chinatiphunzitsa kuti kubwereza ndime pamalo amodzi sikukwanira. M'zaka zotsatira bungwe la CIMMYT ku Harare linalimbikira kuyesa chimanga pochimana madzi dala ndiponso pochidzala m'nthaka yoguga, ndipo m'ntchito imeneyo munatuluka mbeu monga ZM521 ndi ZM621. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Sieglinde Snapp, akugwira ntchito ku Malawi, anayambitsa njira ya munda wa mayi ndi minda ya ana: munda umodzi waukulu wokhala ndi zonse zoyesedwa, ndi timinda tambiri ta alimi tokhala ndi zochepa chabe. Cholinga chinali chimodzimodzi, kuona ngati chotsatira chapamalo ena chingaonekenso kwina.

Masiku ano funso lomweli lafika mpaka mkati mwa chomera. Chimanga chili ndi majini oposa 30,000, ndiwo malangizo a chibadwa amene amalamulira kakulidwe kake. Majiniwa sagwira ntchito payekhapayekha. Madzi akachepa pa nthawi imene ngaiyaye ndi ndevu zikutuluka, majini ena amadzuka pamodzi ndipo ena amagona pamodzi, monga anthu a chipere ganyu amene amalowa m'munda ndi kuweruka nthawi imodzi. Wofufuza amatenga masamba a zomera zambiri, n'kuyeza mmene jini iliyonse ikugwirira ntchito, kenaka kompyuta imaika m'gulu limodzi majini amene akukwera ndi kutsika pamodzi. Njira yodziwika kwambiri yochitira zimenezi ndi WGCNA, imene Peter Langfelder ndi Steve Horvath anaitulutsa monga pologalamu mu 2008.

Vuto lake ndi lakuti kompyuta ikapatsidwa manambala ochuluka chotere siilephera kupeza magulu, ngakhale ena mwa iwo angokhalapo mwangozi. Gulu lina lingaoneke kaamba ka kutentha kwa tsiku limene masamba anathyoledwa, kapena kaamba ka makina oyezera. Motero gulu lopezeka m'kafukufuku mmodzi liyenera kufunidwanso m'kafukufuku wina wochitidwa padera. Mu 2011 Langfelder ndi anzake anafalitsa miyeso yoonera zimenezi, ndipo mu 2016 Scott Ritchie ndi anzake ku Melbourne anatulutsa pologalamu yotchedwa NetRep. Iyi imagwira ntchito mu R, pologalamu ya masamu yaulere. Inayesedwa koyamba pa zotsatira za anthu ndi mbewa za m'labotale, koma masamu ake sasankha nyama kapena chomera.

Kagwiridwe kake nkosavuta kumva. Tiyerekeze kuti ku Chitedze kwapezeka gulu la majini 100 odzuka pamodzi pa chilala, ndipo tili ndi zotsatira zina zochokera m'munda wa pafupi ndi Mutare. Pologalamuyo imayang'ana majini 100 omwewo m'zotsatira za ku Mutare ndi kuona ngati akuyenderabe limodzi, ndiponso ngati amene anali patsogolo ku Chitedze akadali patsogolo. Pochita izi imagwiritsa ntchito miyeso isanu ndi iwiri. Kenaka imatola majini ena 100 mwa maere n'kuwayeza chimodzimodzi, ndipo imabwereza maerewo mwina ka 10,000. Ngati gulu la ku Chitedze liposa pafupifupi magulu onse a maere, tinganene kuti nlenileni. Ngati magulu ambiri a maere akufanana nalo, tilisiye, ngakhale litakhala lokongola chotani pa chithunzi.

Phindu lake kwa mlimi nlotani? Kupanga mbeu yatsopano kumatenga zaka zambiri ndi ndalama zochuluka. Wopanga mbeu akatsata gulu la majini labodza, zaka zimenezo zimapita pachabe, ndipo mbeu yosalimba ingathe kufika m'manja mwa anthu ndi dzina lakuti yopirira chilala. Mu 2024 Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza kuti chilala chawaika pangozi. M'chaka chotere, banja lodalira mbeu yabodza limataya chakudya cha chaka chonse.

Komabe tisaike chikhulupiriro chonse mu kompyuta. Gulu la majini likapezekanso kwina, sindiye kuti nkhokwe idzadzaza; umboni wotsiriza ndi sikelo pa nthawi yokolola. Ndiponso pologalamu siingakonze zimene zinalembedwa molakwa m'munda. Apa ndi pamene ntchito yanu, alangizi anzathu a ku Chipata, Angónia, Dedza ndi Marange, ili yofunika. Lembani tsiku lodzala, mvula ya tsiku ndi tsiku, mtundu wa nthaka ndi feteleza amene wathiridwa. Musasinthe malo a ndime amene anasankhidwa mwa maere pofuna kuti mbeu yokongola ikhale m'mbali mwa msewu. Koposa zonse, musabise ndime imene yalephera pochita manyazi ndi alendo, pakuti ndime yotero ndiyo imatiuza malire a mbeuyo.

Wina akadza ndi mbeu kapena njira yatsopano, mufunseni mafunso atatu: inayesedwa m'malo angati, kwa zaka zingati, ndipo mwa malowo alipo ofanana ndi kwanu? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Kudikira nyengo ina imodzi nkwabwino kusiyana ndi kupepesa mudzi wonse mu Epulo.