DALAIVALA WA LIWIRO ANAYESA MPIKISANO WA USANA NDI USIKU

Ku America kuli mpikisano wa magalimoto wotchedwa NASCAR. Magalimoto ake amaoneka ngati a pamsewu wamba, koma nthawi zambiri amathamanga mozungulira bwalo, kukhotera kumanzere kokhakokha, ndipo mvula ikagwa pabwalo lotere mpikisano umaima. Katswiri wa masewerawa anali Dale Earnhardt wa ku North Carolina, amene anatenga chikho chachikulu kasanu ndi kawiri, ndipo ankadziwika ndi Chevrolet yake ya nambala 3.

Pa 3 Febuluwale 2001, ali ndi zaka 49, bamboyu analowa mpikisano wamtundu wina ku Daytona, m'chigawo cha Florida, wa maola 24 osalekeza. Kumeneko wopambana ndi amene wazungulira kambiri nthawi ikamatha. Msewu wake ndi wa makilomita 5.7, wokhotakhota kumanja ndi kumanzere. Galimoto limodzi amasinthana anthu angapo, choncho woyendetsa ayenera kusamala injini, mabuleki ndi matayala kuti mnzake alandire galimoto lamoyo.

Earnhardt anayendetsa Corvette yachikasu pamodzi ndi mwana wake Dale Earnhardt Jr., Andy Pilgrim ndi Kelly Collins. Munthu wozolowera kulamula anasanduka wophunzira, namafunsa anzake pochepetsera liwiro ndi pokhotera. Mvula inagwa, mdima unagwira, koma iye anapirira pamsewu woterera. Maola atakwana, gulu lake linamaliza pa nambala 4 mwa onse, ndi pa nambala 2 m'gulu la magalimoto a mtundu wawo. Corvette inzake ndiyo inapambana.

Anzake ananena kuti mtima wake unali utayamba kulozera ku Le Mans, ku France, kumene kumachitika mpikisano wina wa maola 24. Koma patangopita masabata awiri, pa 18 Febuluwale, anabwerera pabwalo lomwelo kukapikisana mu Daytona 500. Pozungulira komaliza galimoto lake linawomba chipupa, ndipo anamwalira chifukwa chovulala m'mutu. Mwana wake anali patsogolo pake, namaliza wachiwiri.

Chaka chisanathe, akuluakulu a NASCAR analamula kuti madalaivala a mipikisano yawo ikuluikulu azivala chogwiriziza mutu ndi khosi, kuti mutu usamaponyedwe kutsogolo galimoto likagunda.