Mbava za pa kompyuta sizithamanga ngati za m'filimu

Ntchito yanga ndi yoteteza makompyuta a makampani, ndiye anthu akaonera filimu ya ku Russia ya mbava za pa intaneti amakonda kundifunsa ngati zimachitikadi choncho. Mnyamata ali m'chipinda chamdima ku Moscow, zala zikuvina pa kiyibodi, posakhalitsa ndalama za banki zapita. Ngakhale Khottabych, filimu yoseketsa ya 2006 imene mnyamata wake amathyola makompyuta a Microsoft, inatengera komweko. Zoona zake n'zakuti umbava umenewu ndi ntchito yotopetsa, yofuna kudekha.

Taonani gulu la Carbanak, limene kampani ya Kaspersky inaliulula mu 2015. Linkatumiza imelo kwa wantchito wamba wa m'banki, yokhala ndi chikalata cha Word chooneka ngati cha kuntchito. Akangochitsegula, pulogalamu yobisika inkalowa. Kenako mbavazo zinkakhala phee kwa miyezi iwiri mpaka inayi, zikujambula zimene akalaliki akuchita pa sikirini: amene amavomereza kutumiza ndalama ndani, amatero nthawi yanji, amalemba bwanji. Tsiku lakuba likafika zinkachita ndendende ngati mwini ntchitoyo, moti banki sinkaona chachilendo. Ma ATM ena ankalamulidwa kulavula ndalama pa ola lopangana, munthu wa mbavazo ali chilili pomwepo ndi chikwama. Kaspersky inati mabanki pafupifupi 100 m'mayiko 30 anakhudzidwa, ndipo zobedwa mwina zinafika madola 1 biliyoni.

Chimene opanga mafilimu amachidumpha, mwina chifukwa sichikoma kuonera, ndi kuvuta kwa kutapa ndalamazo. Kusuntha manambala pa kompyuta n'kwina, kuwaika m'thumba n'kwinanso. Vladimir Levin wa ku St Petersburg anasamutsa madola oposa 10 miliyoni kuchokera ku Citibank mu 1994. Anzake anagwidwa akukatapa ndalamazo ku San Francisco, Rotterdam ndi Tel Aviv, ndipo iye anamangidwa pabwalo la ndege ku London mu 1995. Banki inapezanso ndalama zonse kupatula madola 400,000, Levin n'kugamulidwa zaka 3.

Inu a m'maofesi, imelo ikabwera ndi chikalata chimene simumachiyembekezera, ngakhale dzina lili la abwana anu, aimbireni foni kaye musanachitsegule.