Thirakitala ndi Makina Owotcherera: Alimi a ku Lichinga Ayambe ndi Chiti?

Mwezi wa Novembala ukafika pamtunda wa Lichinga, mitambo ikayamba kudererana, pamamveka maphokoso awiri. Lina ndi la thirakitala ikubangula m'minda ya ku Chimbunila ndi ku Sanga, dothi lofiira likugadabuzika pambuyo pake. Lina ndi la galayinda ikulira m'tizisakasa ta m'mbali mwa misewu ya m'tauni, momwe mnyamata wophimba kumaso akuthwanimitsa moto pachitsulo chothyoka. Pazikwangwani za malowa pamalembedwa liwu la Chipwitikizi loti serralharia, koma ife timangoti kwa owotcherera. Phokoso loyambalo likamveka, ana ndi akulu omwe amatuluka kukaonerera. Lachiwirilo tidalizolowera, sitilitembenukiranso. Komabe gulu la alimi likasonkha ndalama kapena likapeza ngongole, ziwirizi zimafunika kuziika pasikelo mofatsa, chifukwa thumba ndi limodzi.

Tiyambe ndi thirakitala, popeza ludzu lake lili ndi chifukwa chomveka. Chigawo cha Niassa ndi chachikulu kuposa zigawo zonse za Mozambique, ndipo chimaposa ngakhale dziko lonse la Malawi. Koma pa kalembera wa 2017 anthu ake sadafike 2 miliyoni, pomwe Malawi adawerenga anthu oposa 17 miliyoni chaka chotsatira. Lichinga ali pamalo okwera mamita oposa 1,300, kozizira bwino, mvula yokwanira, kumene chimanga, nyemba, soya ndi kachewere zimachita bwino. Choncho mlimi wa kuno salira malo ayi, amalira manja. Munda wake umathera pomwe msana wathera. Ng'ombe zikadamuthandiza monga zimathandizira anzake a ku Angónia kapena ku Dedza, koma kashembe adalepheretsa ulimi wa ng'ombe m'madera ambiri a Niassa kuyambira kale. Pakati pa khasu la m'manja ndi thirakitala palibe mlatho. Ntchito yogalauza hekitala imodzi, imene munthu mmodzi amalimbana nayo masabata angapo, thirakitala imaimaliza m'maola ochepa. Ndipo paulimi wodalira mvula, nthawi ndiye chuma: wobzala ndi mvula yoyamba sakolola mofanana ndi wobzala Khirisimasi itadutsa. Apa wowotcherera alibe chonena. Makina ake sangalime ngakhale mzere umodzi.

Koma akulu adati walira mvula walira matope. Thirakitala imadya tsiku lililonse limene yagwira ntchito. Pa hekitala imodzi imamwa dizilo wa malita ngati 20 kapena kuposa, malinga ndi kuuma kwa nthaka. Ikayenda maola mazana angapo imafuna oyilo watsopano ndi zosefera zake. Imafuna girizi, matayala, malamba, batire, ndi woyendetsa amene amamva injini ikasintha kulira. Pa zonsezi, kupatula woyendetsayo, palibe chopangidwa ku Niassa. Zimachokera kudoko la Nacala, mtunda wa makilomita pafupifupi 800 panjanji, kapena ku Nampula, kapena kutsidya kwa malire kudzera pa Mandimba ndi Chiponde. Kachitsulo kokwana m'dzanja kakathyoka mu Disembala, chimakina chonse chimakhala pansi pa mtengo kudikira, mvula n'kumagwa, udzu n'kumakula.

Niassa adaphunzira zimenezi mowawa. Dziko litalandira ufulu mu 1975, boma lidaika chiyembekezo chake paminda ikuluikulu ya boma yolimidwa ndi makina. Pafupi ndi Lichinga padali munda wa Matama, kumene kudabwera akatswiri a ku China. Ku Unango, m'boma la Sanga, kudabwera a ku East Germany ndi mathirakitala awo. Pofika mu 1983, msonkhano waukulu wachinayi wa chipani cha Frelimo udavomereza kuti chuma chambiri chidapita kuminda ya boma, alimi a m'midzi n'kuiwalika. Nkhondo yapachiweniweni nayo idakolera. Mu Disembala 1984 akatswiri asanu ndi atatu a ku East Germany adaphedwa panjira yopita ku Unango pamodzi ndi anzawo ena, ndipo ntchitoyo sidadzukenso monga kale. Mtendere utabwera mu 1992, kudayesedwanso njira ina. Pangano la Mosagrius la mu 1996 lidabweretsa alimi a ku South Africa ndi makina awo, koma misewu idali yoipa, misika kutali, ndalama zosakwanira, ndipo patangopita zaka zochepa ambiri adabwerera. Sitinganene kuti chidagwetsa ntchito zonsezi ndi kusowa kwa sipanala. Nkhondo ndi ndale zidali ndi gawo lalikulu. Koma nthawi zonsezi chinthu chimodzi chidaoneka poyera: kubweretsa thirakitala n'kosavuta, chovuta n'kuisunga yamoyo. Vuto lomweli lidatsatanso mathirakitala 513 opangidwa ku Brazil amene boma lidagawa m'malo othandizira alimi m'dziko lonse cha m'ma 2016, ndipo likutsatabe thirakitala iliyonse yatsopano imene ikwera phiri kubwera kuno.

Tsono titembenukire kuchisakasa chija. Chuma cha wowotcherera chimakwana pangolo imodzi: makina owotcherera, galayinda, chobowolera, vayisi, hamala, masipanala, ndi paketi ya ndodo zowotcherera za mamilimita 2.5 kapena 3.2. Ntchito yake ndi ya magetsi. Ndodo ikayandikira chitsulo, magetsi amadumpha pampata wotsalawo n'kubala moto wotentha kwambiri moti chitsulo, chimene chimasungunuka pamadigiri pafupifupi 1,500, chimayenda ngati phala. Ndodo nayo imasungunukira momwemo, ndipo chikutu chake chimaphimba msokowo kuti mpweya usauwononge usanazizire. Zida zonsezi pamodzi mtengo wake ndi kachigawo kakang'ono chabe ka mtengo wa thirakitala imodzi. Luso limeneli lidakula m'tauni muno makamaka magetsi a ku Cahora Bassa atafika cha m'ma 2005, pakuti makina owotcherera amafuna magetsi amphamvu ndi okhazikika.

Chimene munthuyu amapatsa mlimi sichioneka msanga chifukwa chimabwera pang'onopang'ono. Khasu lothyoka pamsomali limabwerera kumunda tsiku lomwelo. Njinga imalandira kaliyala wolimba wotha kusenza matumba awiri a nyemba. Wilibala, ngolo yokoka pamanja, chopukusira chimanga, mbaula, chitseko cha nkhokwe, nsefa ndi nyundo za chigayo, chogwirira cha mjigo, zonsezi zimadutsa m'manja mwake. Sataya kanthu. Mbale ya pulawo ikatha amaidula kukhala makasu, chifukwa chitsulo chake ndi cholimba. Sipuling'i ya lole yakufa imasanduka nkhwangwa ndi zikwanje. Ekiselo ya galimoto yotayidwa imakhala msana wa thirela. Thirakitala imachulukitsa mphamvu za mlimi. Wowotcherera amatalikitsa moyo wa zimene mlimiyo ali nazo kale.

Tikaziyang'ana pa kalendala, kusiyana kwake kumaonekanso. Ntchito yolima imaunjikana m'masabata ochepa mvula isanayambe ndi itangoyamba. Aliyense amaifuna thirakitala sabata yomweyo, ndipo amene ali ndi ndalama m'manja ndi munda waukulu ndiye amatsogola pamzere. Mayi wa kamunda kosakwana hekitala, kokhala ndi zitsa, kutali ndi msewu, amafikiridwa mochedwa kapena osafikiridwa n'komwe, pakuti mwini makina sangawotche dizilo kuyenda mtunda wautali kukalima kadera kakang'ono, kumene chitsa chimodzi chingathyole pulawo. Nyengoyo ikatha, thirakitala yopanda thirela kapena chopunthira imangokhala, ngongole yake n'kumawerengabe miyezi. Wowotcherera alibe nyengo yokhala. Dzinja amakonza zolimira, masika amakonza zotutira ndi zigayo, chilimwe amapanga zitseko, mawindo, mabedi ndi mageti a omanga nyumba. Pakhomo pake amafikapo mwini esiteti komanso gogo wa khasu limodzi, aliyense n'kulipira molingana ndi kukula kwa msoko.

Tionenso kumene ndalama imapita. Metikali yolipirira thirakitala, mbali yake yaikulu imatuluka m'chigawo muno kutsata dizilo, zipangizo ndi ngongole. Metikali yolipira wowotcherera nayo imatulukako ndithu, chifukwa ndodo ndi zitsulo zatsopano zimachokera kutali, koma yambiri imatsala: imagula ufa pamsika wa Chiuaula, imalipira anyamata ophunzira ntchito. Thirakitala imodzi imalemba woyendetsa ndi womuthandiza, kwinaku ikuchepetsa ganyu wolima amene mabanja ena amadalira m'miyezi ya njala. Chisakasa chimodzi chimatulutsa amisiri angapo m'zaka zochepa, ndipo aliyense akapita kukatsegula chake ku Metangula, ku Mandimba kapena ku Majune, luso limafalikira ngati mbewu.

Koma tisamukweze wowotcherera kuposa msinkhu wake. Pali zambiri pa thirakitala zimene moto wake sungachize. Pampu yopopera dizilo mu injini, mabering'i, magiya, ziwiya za hayidiroliki ndi matayala zimafuna makaniko wophunzira ndi zipangizo zenizeni. Chitsulo cha mtundu wa miphika ya miyendo itatu, chimene chimapezeka pathupi la injini ndi pabokosi la magiya, chimang'aluka ukachiwotcherera ndi ndodo wamba. Chimafuna ndodo zake zodula, kuchitenthetsa kaye, ndi kuchiziziritsa pang'onopang'ono. Wowotcherera pa thirakitala osachotsa batire angathe kupsereza ziwiya zake za magetsi. Msoko wokongola pamwamba koma wosalowa m'kati ndi msampha: chokokera thirela chikaduka pachitsetse anthu ali pamwamba pa matumba, pamakhala maliro. Ntchitoyi nayonso imadya mwini wake. Kuwala kwa moto uja kumapweteka maso a wowotcherera wopanda galasi loyenera, usiku n'kumamva ngati muli mchenga. Utsi wa malata ndi mapaipi okutidwa ndi zinki umadwalitsa. Mgolo umene mudali petulo umaphulika ngakhale ukuoneka wouma. Ndipo kumudzi kopanda magetsi, makinawa safika popanda jenereta yamphamvu.

Thirakitala nayo ili ndi choipa chimene sichidziwika chaka choyamba. Pulawo ikamadutsa pakuya pomwepomwepo chaka ndi chaka, pansi pake pamaumbika chikhakha cholimba chimene mizu ndi madzi zimalephera kuboola. Pamtunda wotsetsereka ngati wa Lichinga, kulima motsata chitsetse kumatsegulira madzi njira yokokolola nthaka. Woyendetsa wosaphunzira angathe kuwononga m'zaka zochepa dothi limene makolo adalisunga ndi khasu. Choncho mbali zonse ziwiri zimaima pa chinthu chimodzi, ndicho munthu wodziwa chimene akuchita.

Tikafika apa timaona kuti ziwirizi sizilingana pakudalirana kwake. Wowotcherera angathe kukhala ndi moyo popanda thirakitala. Zitseko ndi njinga zimamukwanira. Thirakitala singathe nyengo ziwiri popanda wowotcherera ndi makaniko pafupi, makamaka m'minda ya zitsa ndi m'misewu ya mabampu. Njanji ya makilomita 262 yochokera ku Cuamba idatsegulidwanso mu 2016, ndipo msewu wodzera ku Mandimba tsopano uli ndi phula, motero zipangizo zimafika msanga kuposa kale. Komabe mvula sidikira sitima. Bawuti yoduka Lachiwiri iyenera kukhala itakonzedwa Lachitatu, ndipo amene angachite zimenezo ndi yekhayo amene ali pamtunda woyenda panjinga.

Maganizo anga ndi awa. Gulu la alimi limene lili ndi minda yoyandikana, yozulidwa zitsa, komanso msika wotsimikizika wa soya kapena nyemba, ligule thirakitala, pakuti palibe china chingakuze ulimi wawo mofulumira chotero. Koma lisagule ndi ndalama zonse. Lipatule gawo la zida zokonzera, la zipangizo zosinthira zimene zimatha kawirikawiri, ndi la kuphunzitsa achinyamata awiri, mnyamata kapena mtsikana, wina za injini wina za kuwotcherera. Gulu limene minda yake ndi ing'onoing'ono ndi yomwazikana liyambe ndi chisakasa, thirakitala lizichita kubwereka pamene yafunika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Boma ndi mabungwe akamagawa makina, awerenge amisiri a m'deralo asanawerenge mahekitala. Ndipo ophunzira zaulimi kusukulu ya Universidade Lúrio ku Unango, amene akuphunzirira panthaka yomwe idaona mathirakitala a m'ma 1980, atuluke akudziwa kugwira sipanala monga adziwira kuyeza dothi.

Thirakitala yatsopano ikamalowa m'mudzi, nthungululu zimayenera ndithu, chifukwa yabwera kudzapumitsa misana imene yawerama mibadwo yambiri. Koma pakati pa oonererawo payenera kukhala munthu mmodzi wa manja akuda ndi girizi, amene maso ake sali pautoto wonyezimira koma pamabawuti, pachokokera ndi pambale za pulawo. Ngati munthu ameneyo alipo, ndipo zida zake zili pafupi, thirakitalayo idzalima mpaka ana amene akuithamangira lero adzaiyendetse okha.