Njinga ya Mlangizi pa Msewu Waphula: Phindu Lake ndi Zoopsa Zake

Kwa mlangizi wa zaulimi amene amayendera midzi yotalikirana, njinga yakapalasa njofunika monga khasu kwa mlimi. Siimwa mafuta, imakonzeka pamsika uliwonse, ndiponso imadutsa tinjira ta kumadimba kumene galimoto silingafike. Komabe walira mvula walira matope: njinga yomweyo ikakwera msewu waphula, wopalasayo alibe chomutchinjiriza.

Lipoti la 2023 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidasonyeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse. Oposa theka la iwo ndi oyenda pansi ndi okwera njinga zakapalasa kapena zamoto. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, imfazi nzochuluka mu Africa kuposa kwina kulikonse.

Koma ngoziyi siifanana paliponse. Imakula m'misewu ya malole onyamula katundu, monga M1 ku Malawi, Great East Road wochokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ndi msewu wa ku Tete wodzera pa Zobue. Lole yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, ndipo mphepo yake yokha ikhoza kugwetsa wopalasa pamene m'mphepete mwa phula mudagumuka. Chisisira chikagwa, woyendetsa amaona njinga yopanda nyali atayifika kale.

Katundu nayenso amawonjezera vuto. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 pakaliyala limatalikitsa mtunda woimira, makamaka m'dzinja pamene mabuleki anyowa, chonsecho ndiyo nyengo imene mlangizi amayenda kwambiri.

Motero nzeru si kuitaya njinga ayi, koma kusankha njira ndi nthawi. Njira yafumbi yozungulira imaposa yaphula yachidule. Pamene phula silingapewedwe, wopalasa ayende kumanzere monga mwa lamulo la ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Ku Angola ndi ku DR Congo amayenda kumanja. Akhale ndi nyali, chovala chonyezimira ndi chipewa choteteza mutu.

Akuluakulu oyang'anira alangizi nawonso ali ndi udindo. Misonkhano ya makalabu a alimi ndi zionetsero za m'minda yachitsanzo zizitha dzuwa likadalipo, ndipo ndalama za mabuleki ndi matayala zizikhala m'ndondomeko ya chaka pamodzi ndi za mbewu. Mlangizi mmodzi akagona m'chipatala mwezi wobzala, mabanja mazanamazana amabzala popanda uphungu.