Dzira la nkhuku, msana wa mwana: m'mera mpoyamba

Abale anga ogulitsa mazira mumsika wa Limbe, kodi mukudziwa kuti dzira ndi buku la ophunzira za kakulidwe ka thupi? Musaseke ayi.

Iwo amatenga dzira lomwe nkhuku yafungatira, kulitsegula, n'kuyang'ana mluza. Pa tsiku lachiwiri lokha mtima wayamba kale kugunda, pa masiku 21 mwanapiye waswa. Mu 1951 Viktor Hamburger ndi Howard Hamilton anagawa kakulidwe kameneka m'magawo 46, ndipo ophunzira akuwatsatabe mpaka lero. Chifukwa chake n'chakuti nkhuku, nsomba, mbewa ndi munthu, tonsefe a fupa la msana, timayamba mofanana kwambiri.

Ine yunivesite ndinaisiyira panjira, koma phunziro ili ndinatuluka nalo. Ubongo ndi mtsempha wa mumsana zimayamba ngati kansalu kopyapyala komwe kamapindika n'kukhala kapaipi. Mwa munthu, kapaipi kameneka kamatsekeka pofika tsiku la 28 mimba itaima. Kakalephera kutsekeka chakumunsi, mwana amabadwa ndi bala kapena chotupa pamsana, matenda otchedwa spina bifida. Ena mwa ana otere sayenda, ena mutu umadzaza madzi. Kumudzi timayamba kulozana zala: ati azakhali am'lodza, ati mayi sanadzisunge. Bodza lenileni!

Mu 1991, chaka chomwe College of Medicine inatsegulidwa mu Blantyre, kafukufuku wa Medical Research Council ya ku Britain anaonetsa kuti vitamini ya folic acid imapewetsa vutoli. Mwa amayi omwe anakumanapo nalo kale, inateteza pafupifupi ana 7 mwa 10 alionse omwe akanabadwa nalo. Mlingo wa mayi wamba ndi ma microgram 400 pa tsiku.

Vuto nali: pa tsiku la 28 mayi mwina sakudziwa n'komwe kuti waima. Akamayamba sikelo pa miyezi inayi n'kulandira mapiritsi, za msana zinatha kalekale.

Ndiye amayi amene mukufuna mwana, kafunseni mapiritsiwa kuchipatala mimba isanaime. Nyemba, mpiru ndi bonongwe zisasowe pakhomo, ngakhale pazokha sizilowa m'malo mwa mapiritsi. Azibambo, aperekezeni akazi anu. Ndipo inu ophunzira, nzeru izi si za mayeso okha ayi. Mukabwera kutchuthi, kawafotokozereni alongo anu ndi amayi a pa benchi ya tomato. Akulu anati m'mera mpoyamba.