Mwana wabadwa, koma mayi sakusangalala

Ku Ntcheu mwana akabadwa, anansi amabwera ndi ufa, sopo ndi nkhuni, maso onse ali pa khanda. Koma amayi ena amatuluka m'chikuta akungolira okha, chakudya osachifuna, tulo osabwera ngakhale mwana atagona. Abale amakhala ndi mayankho awo, ambiri onenedwa mwachikondi ndithu. Tiyeni tiwaunike.

"Watopa chabe, zitha zokha."

Apa pali choona. Amayi ambiri amakhala okhumudwa masiku oyambirira chifukwa mahomoni amatsika mwadzidzidzi akangochira, ndipo zimenezi zimatha pasanakwane milungu iwiri. Zikapitirira pamenepo, amenewo ndi matenda okhumudwa, ofunika chithandizo ngati malungo.

"Zimenezo n'za azungu."

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati m'mayiko osauka pafupifupi amayi 20 mwa 100 alionse amavutika maganizo akabereka. Kafukufuku wa pachipatala cha Thyolo, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti pafupifupi amayi 14 mwa 100 obwera ndi makanda awo anali ndi matendawa kwambiri. Anali amayi akumudzi, olima ndi kutunga madzi ngati a ku Kasinje kapena ku Tsangano.

"Amulodza," kapena "Sakuyamika Mulungu."

Zoyambitsa zake n'zodziwika: kusintha kwa thupi, kubereka movutikira, umphawi, nkhanza za m'banja, mimba yosakonzekera, kapena kusiyidwa wekha bambo ali ku Joni. Wopemphera kwambiri amadwalanso, ndipo pemphero silitsutsana ndi chipatala.

"Akanena, amutumiza kuchipatala cha amisala ku Zomba."

Ambiri amachira ali kwawo. Chithandizo chimayamba ndi uphungu. Ena amapatsidwanso mankhwala, ndipo alipo amene mayi angamwe akuyamwitsa. Poyambira ndi pafupi: kuuza namwino kapena mlangizi wa zaumoyo tsiku la sikelo, ndipo ngati kuli kofunika iwo atumiza mayiyo kuchipatala chachikulu cha Ntcheu. Koma mayi akayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, kapena kuganiza zodzipha kapena zovulaza mwana, abale apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo asasiyidwe yekha.

Inu bambo, apongozi ndi alamu, ntchito yanu ndi yaikulu: mulandireni mwana kuti mayiyo agoneko, mutungireni madzi, mufunseni mmene akumvera, ndipo akayankha musamudzudzule. Mayi akapeza bwino, ndi pamenenso mwana amayamwa ndi kukula bwino.